Mizu ya a Dyera

Chomeracho bambo ake a Namanyazi ankachitcha a Dyera, ndipo ankachitchula mwaulemu ngati akutchula munthu wamkulu wapamalo. Chinali chomera chodya tizilombo. Kunsonga kwa tsamba lililonse kunkalendewera kamtsuko kofiirira kokhala ndi kachivundikiro kake, ndipo nyerere kapena ntchentche ikatsata fungo la m'kamtsukomo inkaterereka n'kugweramo, ulendo n'kuthera pomwepo. Bambowo anachitola ku nazale ya maluwa kumene ankagwira ntchito, abwana atalamula kuti chitayidwe poti palibe ankachigula. Anabwera nacho kunyumba chili ndi masamba awiri, nachipachika pazenera la pabalaza. M'zaka zimene mwana wawo wamkazi ankakula nachonso chinkakula, mpaka chinayanga kukafika pamsomali wa kalendala.

Amayi sankachifuna. Iwo ankagwira ntchito m'shopu ya maluwa odula, kumanga nkhata za maliro ndi maluwa a akwati, ndipo ankati chomera chimene sichingalowe m'nkhata kapena mumphika wa ndiwo ndi udzu basi. Ankachitcha mkazi mnzawo. Bambo akafika kuchokera kuntchito n'kuyamba kusuzumira m'timitsuko asanavule n'komwe nsapato, amayi ankayankhula ali kusinki kuti moni ayambire kwa mkazi wamng'ono, akalefe tidikira. Bambo ankayankha kuti wamng'onoyo sapempha ya ndiwo, amadzisakira yekha. Ankakangana choncho akuseka, koma amayi sanachigwirepo chomeracho ngakhale ndi chala.

Mwana anali mmodzi yekhayo. Nyumba yonse yosanja imene ankakhalamo inkamudziwa ndi dzina loti Namanyazi, chifukwa munthu akamupatsa moni pamasitepe ankayankha akuyang'ana zala zakumapazi. Kusukulu ankadziwa mayankho koma dzanja silinkakwera. Munthu amene ankatha kumutulutsa mawu anali bambo ake okha, ndipo mawuwo ankatuluka pazenera paja. Pamenepo ndi pamene anaphunzira kuti a Dyera samwa madzi a pampopi, amamwa a mvula okha, amene bambo ankatchera padenga n'kusunga m'zigubu kuseri kwa chitseko. Anaphunzira kuti feteleza kwa iwo ndi poizoni. Tsiku lina akuwasamutsira mumphika watsopano anaona mizu yake, yakuda bii, yopyapyala ngati tsitsi lotsalira m'chipeso, ndipo anafuula kuti chafa. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, nati mizu ya a Dyera ndi mmene imakhalira, komanso imathothoka ukangoiyetsemulira.

Matenda anawagwira bambowo ali kuntchito, akunyamula matumba a dothi. Anzawo anati anangoona munthu wakhala pansi ngati watopa, pakamwa patapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonekedwa nthawi yaitali, amayi akudikirira, Namanyazi akuthamanga pakati pa sukulu, nyumba ndi chipatala atanyamula fulasiki. A Dyera sanaiwalidwe kwenikweni, koma ankakumbukiridwa mochedwa. Dothi linkauma gwa, kenako mtsikanayo n'kuthira madzi ambirimbiri pofuna kupepesa. Pamene bambo ankatuluka m'chipatala, tsinde linali litada kuchokera pansi, litafota ngati chingwe chakale, kubiriwira kutangotsala kumtunda.

Anawakweza pamasitepe anthu oyandikana nawo, a Telala a khomo linalo akutsogolera ndi pakamwa. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafooka. Mawu onse anali atapita. Chinatsala ndi kaphokoso kamodzi, "ndo, ndo, ndo," kamene kankatuluka akafuna madzi, akafuna kuchimbudzi, akakondwa ngakhale akakwiya. Atawakhazika pampando anakweza maso naona chomera chawo. Sanatulutse n'kaphokoso komwe. Misozi inangotsika, ndipo Namanyazi anathawira kuseri kwa katani imene inkabisa bedi lake.

Mawa lake anatsitsa mphika uja nauika patebulo patsogolo pawo. Anali ataonapo bambo ake akudula nthambi zoti zimere mizu m'madzi, choncho ankadziwa kuti njira yatsala ndi imeneyo. Anawiritsa lezala. Akaiika patsinde ankayang'ana bambo ake, iwo n'kupukusa mutu, n'kumukankha dzanja ndi chala chakumanzere mpaka lezala ifike kunsi kwa mfundo, pamene tsamba limatulukira. Apo ndiye "ndo". Mbali yamoyo inangokwana tizidutswa titatu. Masamba anawadula pakati kuti asamataye madzi, timitsuko tonse anachotsa. Anatsuka mabotolo abulawuni amene munali mankhwala a bambo omwewo, nathiramo madzi a m'chigubu, naimika tizidutswato pazenera.

Lamulo lotsala ankalidziwa pamtima: ukaika m'madzi, usamazule kuti uone. Bambo ankanena kuti mizu ndi yamanyazi ngati iyeyo, ukaiyang'anitsitsa imabwerera. Madzi akatsika umangowonjezera pamwamba, n'kudikira mwezi, miwiri, ngakhale itatu. Botolo labulawuni silionetsa zam'kati, ndipo iye sanazule.

Kunyumbako kunkabwera mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala kuyendanso, wamfupi, wa mawu ngati woitanira basi. Anabweretsa chitsulo choyendera cha miyendo inayi, chobwereka kuchipatala. Poyamba bambo sankafuna n'kuchiyang'ana komwe. Mayiyo anayesa kuwanyengerera, anayesa kuwakalipira, osatheka. Ndiye anaona mmene khosi lawo linkatalikira kuloza kuzenera. Anafunsa za mabotolowo, a Telala n'kumufotokozera zonse mpaka za mitala yomwe. Mayiyo anakoka mpando, bambo ali pomwepo, nakausiya kukhoma lina, kutali ndi zenera.

"Akazi anu aang'ono ali uko, bambo. Mukawafuna, nyamukani. Ine sindinyamulira munthu chibwenzi."

Bambo anamenya mpando, anachita "ndo, ndo" mpaka malovu, koma tsiku limenelo anaimirira. Thukuta linali kamukamu, mwendo wodwala ukukwekwereka, chitsulo chikulira pasimenti, mpaka anakafika pazenera nawerama pa mabotolo aja ngati munthu wosuzumira khanda.

Potuluka, mayi wa mafizo anaitanira amayi ndi Namanyazi pakhomo, natsitsa mawu ake aakulu aja. Anati odwala otere akakhala ndi chinthu chowadzutsa amadzuka, chikasowa amakhala pansi, ndipo wokhala pansi nthawi yaitali sadzukanso. Anati asamale mabotolowo kuposa mankhwala. Amayi anangoyang'ana kuzenera akupukuta manja pa epuloni.

Chaka chimenecho chinali cha mayeso omaliza, choncho Namanyazi ankanyamuka m'mamawa, ngakhale Loweruka lina ndi lina. Amayi ankatsala kusambitsa bambo ndi kuwamwetsa tiyi, ndipo akamapita kushopu a Telala ankabwera ndi zosoka za pamanja kudzakhala nawo. Madzulo mtsikanayo akabwera, chinthu choyamba chinali zenera. Madzi ankawapeza ali odzaza, oyera mbee, ndipo ankadabwa pang'ono chifukwa madzi a bambo ake ankachita ndere pakapita nthawi. Anaganiza kuti ndi ubwino wa mabotolo abulawuni. Nthawi zina ankamva kafungo ka bulichi, koma nyumba yonse inkanunkha bulichi kuchokera pamene zofunda zinayamba kuchapidwa tsiku ndi tsiku.

Kenako bambo anasintha. A Telala ankati akamalowa m'mawa amawapeza akupuma wefuwefu, dzanja litafiira ndi kumenya mpando, ngati munthu amene wakhala akuimba ng'oma kudansi. Amayi ankati ndi madzi osamba, amadana ndi kuzizidwa. Tsiku lina bambo anaponya kapu mpaka inasweka pafupi ndi sinki, amayi n'kusesa mwakachetechete, kenako n'kunena kuti kuchipatala anawachenjeza kale kuti matendawa amabwera ndi ukali. Madzulo Namanyazi akafika, bambo ankamugwira dzanja mwamphamvu, kuloza mabotolo, kenako kutsegula ndi kutseka zala ziwiri ngati sizasi. Ankabwereza, maso ali tong'o. Iye ankamwetulira n'kuwauza kuti eya, anadula bwino tsiku lija, pansi pa mfundo, monga anamuuzira. Bambo ankatsinzina n'kugwetsera mutu kumbuyo.

Kachidutswa koyamba kanafa mwezi usanathe. Tsamba linachita chikasu, kenako linada, tsinde n'kufewa ngati nthochi yoiwalika m'chikwama. Namanyazi anakataya m'bini ya pansi kuti bambo asaone, ngati kuti munthu wowerenga mabotolo tsiku lonse sangadziwe. Anayamba kudzifufuza. Mwina lezala sinawire bwino. Mwina madzi a m'chigubu akalamba. Mwina ndi manja ake, chifukwa alipo anthu amene akabzala chinthu sichimera, ndipo iye anali atapha kale chomera chachikulu. Anaonanso kuti masamba a tiwiri totsalato akutsikira kukamwa kwa botolo, nati mwina tikungolowa pansi poti tafooka. M'kalasi aphunzitsi akamalemba pabolodi, iye ankaona mabotolo. Sanauze munthu. Akanauza ndani? Anzake akanamuseka kuti akulira maliro a udzu.

Loweruka lina amayi anamutenga kuti akawathandize kushopu, poti kunali maliro a munthu wotchuka ndipo nkhata zinali zambiri. Chipinda cha kumbuyo chinali chozizira, pansi ponyowa, ndowa zitandandalikana kukhoma. Amayi kumeneko anali munthu wina. Ankasolola maluwa mundowa, kugwedeza madzi, kuyang'ana kumapesi, sizasi n'kulira khape, khape, khape, mopendeketsa. Madzi akale ankakhuthula, kutsuka ndowa, kutunga atsopano, kadontho ka bulichi, maluwa n'kubwereramo. Ankalangiza mtsikana watsopano wa m'shopumo osatukula mutu. Ankati madzi ogona ndiwo amapha duwa, ndipo phesi likada kapena kung'ambika kunsi ndiye kuti kuola kwayamba, udule msanga kusanakwere. Madamu eni shopu anauza Namanyazi kuti m'manja mwa amayi ake duwa limakhala masiku ochuluka kuposa mwa wina aliyense. Namanyazi anayang'ana manjawo, ong'aluka m'mfundo, oyera ndi bulichi, ndipo anawamvera chisoni. Sanaganize china chilichonse.

Kachiwiri kanafa mlungu wotsatira. Bambo anakana tiyi. Ankanyamukabe kupita kuzenera, koma akafika ankangoima atatsekereza botolo lotsalalo ndi thupi lawo, mpaka miyendo inkanjenjemera, a Telala n'kumawakokera pampando akuwauza kuti nsanje yoteroyo ngakhale anyamata alibe.

Kenako inafika nyengo ya maukwati. Amayi ankachoka kusanache n'kubwera atatheratu, ndipo kusambitsa bambo kunasamukira madzulo. M'nyumba munakhala bata lachilendo. A Telala anati ng'oma ija yaleka. Bambo anayambanso kudya. Madzi a m'botolo anayamba kutsika monga ayenera kutsikira, Namanyazi n'kumawonjezera kuchokera m'chigubu chomaliza, mosamala, chifukwa mvula inali idakali kutali. Tsiku lina bambo anamukoka malaya, namuweramitsa pabotolo. Pamwamba pa mfundo, pamene tsamba limakumana ndi tsinde, panali kadiso kobiriwira, kotupa ngati kambewu ka mpunga.

"Ndo," anatero bambo, motsitsa.

Mlungu umenewo anayenda kukafika pazenera, kubwerera, n'kupitanso. Mayi wa mafizo anaomba m'manja nati akapitiriza choncho ayamba kuwaphunzitsa masitepe. Namanyazi analemba mayeso ake mtima uli m'malo koyamba chaka chimenecho. Pobwera ankakwera masitepe mothamanga, ndipo tsiku lina anayamba yekha kupereka moni kwa mayi wogulitsa makala pansi paja, mpaka mayiyo anafunsa ngati wadwala.

Tsiku loyamba atamaliza mayeso anagona mpaka dzuwa linafika pakatani. Maukwati anali atachepa, amayi anali atabwerera ku nthawi yawo yakale. Chinamudzutsa ndi kugunda kwa mpando ndi "ndo, ndo, ndo" wokwera kuposa amene anamumvapo. Anakankha katani. Amayi anali kusinki atamufulatira, mpopi ukutuluka, botolo labulawuni lili pambali lopanda kanthu. Bambo anali akulimbana ndi chitsulo chawo, atadzuka theka, dzanja lodwala likuterereka pachogwirira. Mtsikanayo asanamvetse chimene akuona, sizasi inalira kamodzi. Bambo anagwera pampando, phokoso lonse n'kutha.

Amayi anatembenuka nadzidzimuka, kenako anaseka kaseko kamanyazi, ngati mwana wopezeka akunyambita shuga.

"Wadzuka? Usakauze a Telala, angandiseke chaka chonse." Anamuonetsa kachidutswa kali m'manja. "Taona mmene kanaolera. Ndinatanganidwa ndi maukwati aja, ndinakalekerera. Tinzake tija ndinkatidula kusanafike pamenepa, koma sitinachire ayi. Akaka mwina ndakapeza msanga."

Namanyazi anayang'ana musinki. Munali kachidutswa ka tsinde kotalika ngati chala chachikulu, kong'ambika kunsi, ndipo m'ming'alumo munatuluka tiulusi takuda, tambirimbiri, tina totalika ndithu, titamatirira pachitsulo cha sinki. Madzi a pampopi ankatigwedeza uku ndi uku. Anakatola n'kukaika pachikhatho.

"Amayi, imeneyi ndi mizu."

"Mizu imakhala yoyera, iwe."

"Ya a Dyera ndi yakuda."

Amayi anafuna kusekanso koma kuseka sikunabwere. Anayang'ana amuna awo. Bambo sankamenya mpando, sankalira. Ankangowayang'ana. Amayi anatseka mpopi pang'onopang'ono, ndipo m'nyumba munangotsala phokoso la makina osokera a a Telala kuseri kwa khoma.

Anafunsa mwana wawo chifukwa chimene sanawauzire. Iye anati sankadziwa kuti amagwira mabotolowo. Ndiye amayi anayamba kufotokoza, osati kwa iye kwenikweni, koma kwa sinki. Anati anayamba tsiku lomwe mayi wa mafizo anayankhula pakhomo paja. Anaona mwana akusiya madzi omwewo mlungu wonse osasintha, mtima unawawawa, nati mwanayu za m'mabuku amadziwa koma chomera cha m'madzi ndi ntchito yawo, ya zaka zonsezi. Kuyankhula sangawabwezere amuna awo, mwendo sangaudzutse, koma ichi chokha ankachidziwa. Ankasintha madzi m'mawa uliwonse, ndipo akaona kunsi kwada kapena kwang'ambika ankadula. Ankachita mobisa chifukwa munthu amene watukwana chinthu zaka khumi amayamba bwanji kuchisambitsa anthu akuona?

Namanyazi ankafuna kukuwa, koma sanakuwirepo munthu chibadwire, ndipo sakanayambira pa amayi ake atayima chonchija, kachidutswa kali m'dzanja limodzi, sizasi kwinaku. Amayi anakaika kachidutswako patebulo mosamala ngati dzira. Anapukuta sizasi pa epuloni mwachizolowezi, anaiyang'ana, kenako anaiika m'chikwama, chifukwa kushopu kunali nkhata zodikira. Pakhomo anaima, nati, "Bambo ake." Bambo anatembenukira kukhoma.

Chotsala chinali chochepa: mfundo imodzi, theka la tsamba, ndi kadiso kaja, sizasi itadutsa kunsi kwake penipeni. Tsinde linali lalifupi moti silinkafika m'madzi. Namanyazi anatsukuluza botolo kambirimbiri, nakhuthuliramo madzi a pansi pa chigubu mpaka kukamwa, nachirikiza kachidutswako ndi timitengo ta machesi. Kachidutswa ka mizu kaja anakaika m'kapu yakeyake, ngakhale ankadziwa kuti kopanda diso sikangaphuke. Ankachita zonsezi patsogolo pa bambo ake, akuwayang'ana kuti amukankhe dzanja ngati kale. Dzanja lawo linangokhala pantchafu.

Mawa lake anakwera basi kupita ku nazale. Pageti anaima nthawi yaitali asanapeze mphamvu yoyankhula ndi mlonda. Mlondayo anamuitanira mnzawo wa bambo ake, bambo wamtali amene anzake ankamutcha a Wilibala. Iwo anamvetsera nkhani yonse atavula chipewa, nati chomera chija chinali chimodzi chomwecho, chinabwera ndi munthu wina amene anasamuka kalekale, ndipo m'tauni monse sanachionenso. Anamupatsa kamtengo ka maluwa ofiira m'kathumba, nati akawapatse moni achimwene. Anabwera nako atakafungata m'basi. Bambo anakayang'ana kamodzi ngati mmene munthu amayang'anira mlendo wolakwitsa khomo.

Amayi nawo ankafunsa. Anafunsa madalaivala obweretsa maluwa, anafunsa makasitomala a magalimoto aakulu, mpaka Madamu anawauza kuti asamasowetse mtendere anthu ogula nkhata. Dalaivala wina anati ngati akufuna chodya nyama awabweretsera galu. Kunyumba ankayenda monyang'ama. Akamasesa ankalambalala zenera. Posambitsa bambo sankanenanso nthabwala, ndipo bambo sankamenyanso mpando. A Telala, amene sankadziwa kanthu, anati m'nyumbamo mwazizira ngati mosungira mitembo, nafunsa ngati akazi awiri aja akangana. Palibe anaseka, ndipo mawa lake anabwera ndi zosoka zawo ali chete.

Kadiso kaja kanakhala kobiriwira masiku angapo, ndipo Namanyazi ankadzuka n'kukayang'ana asanasukusule. Ankapempherera chinthu chimene ankachita manyazi kuchitchula ngakhale kwa Mulungu. Kenako nsonga yake inachita khofi. Tsamba linapindika. Iye ankadziuza kuti ndi kuwala kwa m'mawa, madzulo kaoneka bwino. Madzulo kankaoneka moipirapo. M'mawa wina anapeza kachidutswako katagwa pa timitengo take, kakuyandama, kakuda konse, madzi atachita thovu ndi kafungo. Sanakataye. Anakaimikanso, nasiya botolo pamalo pake, ndipo linakhala pamenepo mpaka fungo linayamba kuitana ntchentche, zimene tsopano zinkangouluka m'nyumbamo popanda wozidya.

Bambo anali atasiya kale kunyamuka. Sanasiye tsiku limodzi. Poyamba ankapita pazenera kamodzi, kuyang'ana, kubwerera. Kenako ankangoimirira n'kukhalanso. Kenako chitsulo chinakhala poyanikira thaulo. Mwendo wodwala unatupa, wabwino unayamba kuonda. Namanyazi ankakhala nawo tsiku lonse tsopano, poti sukulu inali itatha ndipo zotsatira zinali kutali. Ankawawerengera nyuzipepala yakale, ankawameta ndevu, ankawauza kuti mvula ikabwera adzatchera madzi padenga. Atanena zimenezo anazindikira kuti palibe wodzamwa madziwo, nasiya chiganizo panjira.

Mayi wa mafizo anayesa zonse. Anabweza mpando pafupi ndi zenera, anaupititsanso kutali. Anaika wailesi pamwamba pa kabati kuti akaitsate. Anawanyoza kuti ndi aulesi, anawaopseza kuti awatengera kuchipatala, anawagwadira n'kuwatchula kuti atate. Bambo ankatsinzina n'kudikira kuti atope. Ulendo wina mayiyo anabwera osavula n'komwe jekete. Anakhala pamphepete pa tebulo nauza amayi, amene anali atapempha tchuthi cha m'mawa umenewo, kuti kuli mphunzitsi wina amene wangotuluka m'chipatala, ali ndi ana aang'ono, ndipo akufunitsitsa kuyenda koma zitsulo zatha. Anati chitsulo chija achitenga, koma tsiku limene bambo adzachifune adzachibweretsa yekha, ngakhale pamutu. Ananena mokweza kuti bambo amve. Bambo sanatsegule maso.

Mayiyo anali ndi chikwama cholemera komanso bondo lovuta, choncho anatsogola, amayi ndi Namanyazi n'kunyamula chitsulocho, wina kutsogolo wina kumbuyo. Sichinali cholemera, koma masitepe anali opanikiza ndipo miyendo yake inkakola m'zitsulo za m'mbali. Pokhotera amayi anaima, nachitsamiritsa kukhoma. Mphira wa chogwirira chakumanzere unali utaperepeseka, wakumanja uli watsopano. Amayi anausisita ndi chala.

"Ankandiuza," anatero. "M'mawa uliwonse ankandiuza. Ine n'kumati pepani bambo, madzi azizira lero, n'kuwapukuta pakamwa."

Namanyazi anafunafuna mawu oti awapepuze nawo. Anaganiza zonena kuti sanadziwe, kuti aliyense akanalakwitsa, kuti amene anayamba kupha chomeracho ndi iyeyo. Zonse zinali zoona ndipo palibe chimene chikanathandiza. Anangosuntha dzanja lake mpaka linakhudza la amayi ake pachogwirira paja. Pansi mayi wa mafizo anaitana kuti basi imusiya.

Anachitsitsa, nachipereka, naima pakhomo pa nyumbayo kumuyang'ana akuchikweza pamsana ngati mpando. Mayiyo atakhota pakona, iwo anakweranso masitepe. Asanafike anamva "ndo, ndo" wotsika, wa kuchimbudzi. Amayi anavula juzi naipachika pachitseko. Iwo ndi Namanyazi anawagwira bambo m'khwapa, wina uku wina uku, amayi n'kunena kuti tiyeni bambo, tithandizeni pang'ono. Miyendo ya bambo sinaponde. Anali olemera kuposa dzulo.